Tomato wa amayi, tchizi ndi makaroni

Amayi akamabwera kudzationa ku Lilongwe sabwera chimanjamanja. Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, pamene msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique. Aliyense amene anadutsapo pa basi akudziwa mmene mawindo amadzazira ndi manja a anthu ogulitsa kabichi, kachewere, karoti, anyezi ndi tomato. Amayi alima tomato kudimba kuyambira ine ndisanabadwe. Yunifolomu yanga yoyamba, nsapato zimene ndinapita nazo kusekondale, ngakhale ndalama ya basi ya tsiku limene ndinabwera kudzafuna ntchito m'tauni, zonsezo zinachokera m'madengu a tomato. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona tomato akuwolera m'mbali mwa msewu nthawi imene wachuluka, ogula akutchula mtengo umene sungabweze ngakhale ya feteleza.

Ulendo umene ndikufuna kukamba unali wa m'chilimwe cha 2021. Anafika madzulo atanyamula dengu lodzaza, ndipo tomato wake anali wakupsa kwambiri moti wina anali atayamba kung'aluka. Banja lathu ndi la anthu anayi. Ngakhale tikanathira tomato m'ndiwo zonse, m'mawa ndi madzulo, sitikanamaliza dengulo asanawonongeke. Tinagawirako oyandikana nawo nyumba, koma wotsala anali akadali wambiri.

Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali mu Fomu 3, ndiye anabwera ndi foni kukhitchini.

"Amayi, taonani izi. Tomato wa agogoyu tingaphikire chimenechi."

Kanali kakanema kakafupi ka pa TikTok. Munthu anathira timatimati ting'onoting'ono m'mbale yowotchera, n'kuika chibuma cha tchizi choyera pakati, n'kutsanulira mafuta, n'kulowetsa mu uvuni. Atatulutsa anangophwanya zonse ndi supuni, zikusanduka msuzi wokhuthala wofiirira, kenako n'kuthiramo makaroni owiritsa. Basi. Panalibe kukazinga anyezi, panalibe kuimirira pamoto n'kumatakasa. Ndinaonera katatu, ndipo chimene chinandigwira mtima sichinali tchizi ayi. Anali tomato. Kwathu tomato timamutenga ngati wokometsera chabe: awiri m'masamba, atatu mu usipa, kuti msuzi uoneke. Pano tomato ndiye anali mwini mbale.

Pambuyo pake ndinafufuza kumene chakudyachi chinachokera, ndikuganiza kuti ndi ku Italy, kwawo kwa pasta (makaroni, supageti ndi zina zotero). Ayi, ndi ku Finland. Mayi wina wolemba za maphikidwe pa intaneti, Jenni Häyrinen, anachifalitsa mu 2019 pa dzina lakuti uunifetapasta, kutanthauza pasta wa feta wa mu uvuni, ndipo chinatchuka kwambiri m'dziko lakwawolo. Kumayambiriro kwa 2021, anthu ambiri padziko akadali m'nyumba chifukwa cha Covid-19, chinafika pa TikTok n'kufalikira ngati moto wolusa. Tchizi chimene iye anagwiritsa ntchito ndi feta, cha ku Greece, chopangidwa ndi mkaka wa nkhosa, nthawi zina wosakaniza ndi wa mbuzi, ndipo chimasungidwa m'madzi a mchere. Kuyambira 2002 malamulo a European Union amati dzina lakuti feta ndi la tchizi cha ku Greece chokha, ngakhale kuti m'mashopu athu mumapezeka china cha mkaka wa ng'ombe chochokera ku South Africa cholembedwa dzina lomweli. Anthu ataona kuti feta ndi yamchere kwambiri komanso yowawasa, anayamba kuyesa mitundu ina yofewa. Ambiri anakonda Boursin, tchizi cha ku Normandy m'dziko la France chosakaniza kale ndi adyo ndi timasamba tonunkhira, chimene François Boursin anayamba kugulitsa mu 1963. Ena amangoikapo cream cheese wamba, tchizi chofewa chopaka pa buledi.

Zonsezi ndinazidziwa mochedwa. Tsiku limenelo ndinangopita kushopu yaikulu m'tauni, n'kugula kapaketi kamodzi ka feta ndi paketi ya makaroni. Mtengo wa tchizicho unandiimitsa kaye pashelefu. Ndalama yake ikanagula ndiwo za masiku angapo. Ndinagulabe, chifukwa ndinkafuna kuti amayi alawe tomato wawo ataphikidwa mwa njira imene sanaionepo.

Nditaphika koyamba sizinayende. Ndinadula tomato wamkulu pakati, n'kumuunjika m'mbale yakuya mpaka kudzaza, ndikuganiza kuti kuchulukako ndiye kukoma. Patapita mphindi 30 ndinatsegula uvuni n'kupeza tchizi chikusambira m'madzi ofiira. Tomato sanawotchedwe, anangowira. Makaroni atalowa, msuzi unatsalira pansi pa mbale, wowawasa, wosagwira kanthu. Tinadya poti chakudya sitaya, koma ndinakhumudwa. Amayi analawa, n'kukhala kaye chete, kenako anati:

"Mwanawe, tomato ameneyu ndi wamadzi. Ukamupanikiza chonchi apumira kuti? Muyale ngati ukuyanika mfutso."

Anali asanayatsepo uvuni wa magetsi chibadwire, koma vuto analiona msanga kuposa ine. Tomato ndi madzi okhaokha, oposa magawo 90 pa 100 aliwonse. Ntchito yonse ya uvuni m'chakudyachi ndi kuchotsa ena mwa madziwo kuti shuga ndi kukoma kwa tomato zitsale zokhathamira, komanso kuti khungu lake lipserere pang'ono m'mphepete. Kupsererako ndiye kumabweretsa fungo limene poto wapamoto sangatulutse. Tomato akaunjikana, nthunzi imasowa potulukira, ndiye amangophikana m'madzi ake omwe. Timatimati ta m'kakanema kaja n'tating'ono, totsekemera, ndipo tili ndi khungu lochuluka poyerekeza ndi madzi ake. Tomato wathu wa pamsika, wogulitsidwa pamilu, ndi wosiyana, choncho amafuna kumusamala mwa njira yake.

M'mawa mwake amayi anakhala pamkeka n'kuyamba kusankha. Anapatula wautali uja wolimba, wa mnofu wambiri ndi njere zochepa, amene alimi amamukonda chifukwa safulumira kuphwanyika paulendo. Ameneyo, anati, ndiye wowotcha. Wozungulira wamadzi uja apite m'masamba. Anandikumbutsanso za phwetekere wamng'ono amene ankamera yekha kudzala kuseri kwa nyumba ya agogo, amene tinkathyola tili ana n'kumadya wosaphika. Timatimati timene m'mashopu amatiika m'timabokosi ta pulasitiki n'kutigulitsa mokwera mtengo sitisiyana kwenikweni ndi phwetekere ameneyo, amene ife tinkamuyesa wa nkhuku. Ngati muli naye kuseri kwa nyumba, musavutike ndi wina. Muikeni wathunthu, osadula.

Mmene ndimaphikira tsopano ndi motere, ndipo sindinasinthe kwambiri kuyambira tsiku lachiwiri lija. Kwa anthu anayi ndimatenga tomato wokwana magalamu 700 kapena 800, amene ndi tomato wapakatikati 8 kapena 10. Ndimamudula panayi, ndipo ngati ndi wamadzi kwambiri ndimafinya pang'ono kuti njere ndi madzi ena zichoke (madzi amenewo sinditaya, amapita m'nyemba). Ndimamuyala m'thireyi yotakata, aliyense pamalo pake, mbali yodulidwa itayang'ana kumwamba. Ndimathira mchere pang'ono, tsabola wakuda, ndi mafuta masupuni aakulu anayi kapena asanu. Pa mafuta musaumire. Ndi amene amanyamula kukoma kwa tomato ndi adyo n'kukufikitsa pa makaroni, ndipo ndi amene amachititsa kuti msuzi ukhale wosalala. Mwini maphikidwewa ankathira mafuta a olivi, ndipo n'zoona kuti ali ndi fungo lake. Koma ine nthawi zambiri ndimathira a mpendadzuwa, ndipo palibe amene anasiyapo mbale.

Adyo ndimaika tizidutswa tinayi kapena tisanu tathunthu, tosasenda, tobisika pakati pa tomato. Adyo wodulidwa bwinobwino amapserera msanga pa moto waukulu n'kuyamba kuwawa, ndipo kuwawako sikuchoka. Wathunthu amafewa m'khungu lake, amatsekemera, ndipo pamapeto mumangomufinya ngati phala. Tsabola wa kambuzi mmodzi, wosadula, amakwanira kupereka fungo popanda kuliza ana. Pakati pa thireyi ndimasiya malo a tchizi, magalamu 150 mpaka 200, n'kuchidontheza mafuta pamwamba.

Uvuni uyambe watentha, pa madigiri 200. Zikhale mmenemo mphindi 30 mpaka 40, ndipo tomato wamkulu amafuna nthawi yotalikirapo. Wotchi ingakuthandizeni, koma maso ndi mphuno ndiye zimanena zoona: tomato akhwinyate, m'mphepete mude pang'ono, madzi a pansi akhale ngati manyuchi, tchizi chichite kachikasu pamwamba. Ngati zonse zapsa koma mtundu sunabwere, kwezani moto kwa mphindi zisanu zomaliza ndipo musachokepo.

Pa nkhani ya tchizi ndili ndi maganizo anga. Feta sisungunuka ngati tchizi cha pa pizza. Imangofewa, ndipo mukaiphwanya msuzi wake umakhala ndi timibulu ting'onoting'ono. Ili ndi mchere wambiri, choncho pa tomato thirani mchere wochepa, mudzaonjezera pamapeto mukalawa. Cream cheese imatulutsa msuzi wosalala kwambiri umene ana amaukonda, koma payokha ndi yozizira m'kamwa, imafuna adyo wambiri ndi kamandimu. Ndikakhala ndi ndalama ndimasakaniza theka feta, theka cream cheese, ndipo pamenepo ndi pamene ndimapeza zonse ziwiri, kuwawasa ndi kusalala. Cheddar ndi gouda, zimene zimapezeka kwambiri m'mashopu, sizigwira ntchito imeneyi. Zikatentha nthawi yaitali zimatuluka mafuta n'kusanduka ngati labala. Ngati ndi zimene muli nazo, zipaleni n'kuwaza pamwamba chakudya chitapsa kale.

Koma tchizi n'chodula, ndipo chakudya chimene banja lingadye kamodzi pachaka sichinganditengere mtima. Apa ndi pamene amayi anandithandizanso, mosadziwa. Atalawa kachidutswa ka feta anati chikuwakumbutsa chambiko chokhuthala chothira mchere. Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Sabata yotsatira ndinagula chambiko lita imodzi, n'kuthiramo mchere theka la supuni yaing'ono, n'kuchitsanulira m'kansalu koyera kowiritsa kamene ndinayala pa sefa. Sefayo ndinaikhazika pa mbale n'kuika mufiriji usiku wonse. M'mawa madzi achikasu anali atadontha, ndipo m'kansalu munatsala chinthu choyera, chofewa, chowawasa bwino, chokwana ngati kapu imodzi. Anthu a ku Lebanon ndi mayiko oyandikana nawo amachita zomwezi ndi yogati, ndipo amachitcha labneh. Ndinasakanizamo adyo wosinja ndi masamba a anyezi wamng'ono. Chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira n'chakuti tchizi cha chambiko sichipirira moto waukulu kwa nthawi yaitali, chimalekana n'kuchita misere. Ndiye ndimayamba ndawotcha tomato payekha, n'kuchiika pakati patatsala mphindi 10, kapena kungochithira tomato atatuluka kale mu uvuni. Masiku ano ndi chimene timadya kawirikawiri, ndipo mwamuna wanga amachikonda kuposa feta.

Makaroni alibe nkhani yambiri. Magalamu 350 mpaka 400, m'madzi ambiri owira amchere, ndipo muwayambe tomato atatsala ndi mphindi 15 kuti zipsere limodzi. Amfupi okhala ndi mabowo kapena opotana ndi abwino kuposa supageti, chifukwa msuzi umalowa m'kati. Aphuleni akadali olimbirako pang'ono pakati, poti akapitiriza kupsa m'msuzi wotentha. Pali zinthu ziwiri zimene ambirife tinazolowera zimene ndikupempha kuti muzisiye pa chakudya ichi: kuthira mafuta m'madzi owiritsira, ndi kutsuka makaroni ndi madzi ozizira akapsa. Zonse ziwiri zimachititsa kuti msuzi uziterereka osagwira. Ndipo musanakhetse madzi, tungani kapu imodzi muike pambali. Madzi oyererawo ali ndi sitachi yochokera mu ufa wa tirigu, ndipo ndi imene imagwirizanitsa mafuta, tchizi ndi madzi a tomato kuti zikhale msuzi umodzi.

Mphindi imene ndimaikonda ndi yotsatirayi. Thireyi yatuluka, ikulira tchetchetche, nyumba yonse yadzaza fungo. Mumafinya adyo uja, mumachotsa kambuzi ngati pali ana, kenako mumatenga mthiko n'kuyamba kuphwanya tchizi, kukokera tomato pakati. Zoyera ndi zofiira zimalowana mpaka kutulutsa mtundu ngati wa dothi la katondo losungunulidwa mumkaka. Makaroni amalowa momwemo, madzi aja pang'onopang'ono, mukutakasa, mpaka chilichonse chitavala msuzi n'kumanyezimira. Pamapeto masamba a basil ong'amba ndi manja. Basil ndi wachibale wa mpungabwi umene kumudzi timathamangitsira udzudzu, ndipo amamera bwino m'chitini pakhonde. Akasowa, masamba a anyezi kapena a coriander amathandiza. Lawani. Ngati tomato anali wa nthawi ya mvula, wowawasa, kashuga ka kunsonga ya supuni kamakonza. Idyani nthawi yomweyo, chifukwa chikazizira msuzi umauma.

Tsiku lachitatu la ulendo wa amayi, titakonza zonse, thireyi ili m'manja, magetsi anazima. Mwana wanga anangoti kakasi. Amayi anadzuka pamkeka n'kumanga chitenje.

"Chikondamoyo chija munkadya muli ana ndinkaphikira magetsi ati? Kolezani mbaula."

Anatenga poto wamkulu wa pansi pochindikala, n'kuyala tomato momwemo mosaunjika, tchizi pakati. Pa mbaula anasiyapo makala ochepa okha, ambiri anawaika pa chivundikiro chachitsulo pamwamba pa poto, monga momwe amachitira ndi chigumu. Moto wambiri pamwamba, wochepa pansi. Chivundikirocho anachisendeza pang'ono n'kusiya kampata kuti nthunzi izituluka, ndipo pakapita kanthawi ankatembenuza poto kuti mbali imodzi isapserere. Zinatenga pafupifupi mphindi 45. Makaroni tinawiritsa pa mbaula yomweyo tomato atapsa, poto wa msuzi titamuika pambali pa phulusa lotentha. Ndinene mosabisa kuti mwa maulendo onse amene ndaphika chakudyachi, a tsiku limenelo ndiwo anakoma koposa. Kafungo ka utsi kanalowa mu tomato, ndipo pansi pa poto panali timakoko tofiirira timene tinakanganirana. Ndikulemba izi makamaka chifukwa cha anzanga amene amaona maphikidwe oterewa pa foni n'kudutsa, poganiza kuti ndi a anthu okhala ndi khitchini ya matailosi. Uvuni ndi moto wozungulira chakudya mbali zonse, ndipo azimayi athu akhala akuupanga ndi poto ndi makala kwa zaka zambiri.

Tinadyera pakhonde, tochi ya foni itatsamira botolo. Amayi anadya mwakachetechete, monga amachitira akamaganizira chinthu. Mwana wanga sanathe kudikira.

"Agogo, mwachiona bwanji?"

"Chakoma, mdzukulu wanga. Tomato wangayu sindinkadziwa kuti amatsekemera chonchi." Anaima kaye. "Koma muvuule kansima pang'ono, msuzi watsalawu usapite pachabe."

Ndinavuula, ndipo anali ndi mfundo. Msuzi wa tomato wowotcha ndi tchizi umayenda ndi nsima ngati mmene zimayendera ndiwo zotendera. Kuyambira pamenepo ndimawotcha tomato wochulukirapo dala. Wina amapita ku makaroni, wina timapaka pa buledi m'mawa, wina ndi ndiwo za mawa lake. Tomato akatchipa ndimawotcha mathireyi awiri kapena atatu opanda tchizi, n'kuika m'timabokosi mufiriji ya ayezi, kuti mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mulu umodzi umadula ngati nyama, tizingotulutsa. Masiku ena ndimaonjezera biringanya kapena tsabola wobiriwira m'thireyi, masiku ena nyemba zophika kale kapena nkhuku yotsala dzulo. Masamba a sipinachi odula amafota okha mukawathira m'msuzi wotentha. Bowa wa m'dzinja ndinayesa kamodzi ndipo ndidzayesanso.

Mwana wanga uja tsopano ali kukoleji, ndipo chakudyachi ndi choyamba chimene anaphikira anzake a m'chipinda. Anandiimbira kufunsa kuti madzi a makaroni athire ochuluka bwanji, ndipo ndinamuyankha monga amayi amandiyankhira ine ndikafunsa za ufa wa nsima, kuti dzanja lidzamuuza.

Amayi atabwerera kumudzi panapita milungu itatu ndisanamve za nkhaniyi. Kenako Lamlungu lina madzulo foni inalira. Anati anawotcha tomato pa makala, ndi adyo ndi kambuzi, n'kuthiramo chambiko chimene anakhetsa pa kansalu usiku, ndipo anadyera mbatata ya kachewere yowiritsa poti makaroni pagolosale panalibe. Azimayi awiri a kumpingo amene anawapeza akudya analawa, ndipo mmodzi wabwereka kale poto uja.

"Ndiye ukamabwera pa Khirisimasi," anatero, "undigulireko mbewu ya masamba onunkhira aja. Pali malo kumapeto kwa dimba, pafupi ndi chitsime."